Nanga otsalawa akwere chiyani?

Pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo analemba ntchito mnyamata wophunzira za kompyuta kuti azithandiza a kalaliki. Funso loyamba linali losavuta: othyola tiyi alipo 95, lole imanyamula anthu 30, pafunika malole angati? Mnyamata analemba 95 // 30 m'chiyankhulo cha kompyuta cha Python, yankho n'kutuluka 3. Malole atatu ananyamuka, anthu asanu ali njoo pamsewu, madengu kumsana.

"Nanga awa?" anafunsa a kapitawo.

"Amenewo ali ku %, bwana. Chizindikiro cha // chimangowerenga malole odzaza. Otsala amaoneka mukalemba 95 % 30."

"Chabwino. Kamuuze % wakoyo abwere ndi njinga."

Pa nthawi yopuma kunabwera mabanzi 17, anthu mu ofesi asanu. Mnyamata, tsopano atachenjera, analemba divmod(17, 5), lamulo lotulutsa zonse ziwiri nthawi imodzi: (3, 2). Atatuatatu, awiri otsala. Potembenuka anapeza a kalaliki akupukuta pakamwa. Akuti kompyuta yatchula zotsala koma sinatchule mwini wake, ndipo kuyambira kale zotsala ndi za wogawa. Apa ine ndili kumbali ya a kalaliki.

Nkhani inakula pa tsiku la malipiro. Anthu awiri anali ndi ngongole ya katapila ya masauzande 7, yoti agawane. Ngongole pa kompyuta imakhala ndi kamzere kutsogolo, -7. Python ikagawa -7 ndi 2 imatsitsira pansi, n'kupereka -4. Chiyankhulo cha C chimadulira cha ku ziro, n'kupereka -3. Palibe yolakwa, kungoti ina imasiya chotsala 1, inayo -1. Mmodzi wa awiriwo, bambo wa ku Bvumbwe, anamvetsera zonsezi mwachidwi, chipewa m'manja.

"Achimwene, sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma yangayo mundiwerengere pa C. Python muwasungire a katapilawo."

Lolemba lina kunagwa chimvula, kumunda sikunafike munthu. Pologalamu yogawa makilo ndi chiwerengero cha othyola inakumana ndi 0, n'kulavula ZeroDivisionError. Mnyamata thukuta kamukamu. Mlonda anasuzumira pawindo, n'kufunsa chavuta n'chiyani.

"Ikukana kugawira anthu amene kulibe, madala."

"Ndiye ndi yaulemu imeneyo. Kalaliki wakale ankawalipira ndithu, mpaka ovataimu."