Pusi Patebulo la Masewera

Akuluakulu ponena kuti "ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada" sankadziwa kuti akulowerera mkangano wa ku America. Kumeneko kuli masanje a anthu andevu: amazungulira tebulo, mapepala ndi madayisi m'manja, aliyense n'kupeka munthu woti amuyendetse m'nthano.

Masewera a Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, anabwera ndi magulu. Sankha chimodzi: wankhondo, wamatsenga kapena wansembe. Chaka chotsatira anawonjezerapo wakuba, ngati kuti akuba ankasowa. Wamatsenga sankavala malaya achitsulo, wansembe sankagwira lupanga. Ifenso tinakula choncho: uyu bambo, uyu mayi, wobwera mochedwa ndiye fisi, ndipo fisi sapempha mthiko.

Kenaka anatulukira apusi. RuneQuest ya mu 1978 inataya magulu, pamene GURPS ya Steve Jackson mu 1986 inangopatsa wosewera mapointi kuti agule luso lililonse limene mtima wafuna. Wosusuka amagula pang'ono lupanga, pang'ono mankhwala, pang'ono kuliza zeze. Chilombo chikatulukira kuphanga, ndiye mumve kuphu!

Kwathu kunyanja nako, pa usodzi wa chilimira usiku mwambiwu ulibe wotsutsa. Siginala akhale m'bwato lake ndi nyali kuitana usipa, okoka khoka akoke. Siginala akangoti nayenso akokeko, m'mawa amayi a geni ku Msaka abwerera ndi mabeseni ogogoda.

Koma mwera ukavuta, kapena boma likatseka nyanja kuti chambo chiswane, amadya ndi pusi. Lero mumupeza akupalasa kabaza pa Mangochi boma, mawa akutsatsa ziboliboli kwa alendo ku Cape Maclear, mkuja wasanduka mmisiri wa mafoni, screwdriver yake yobwereka. Mnzake uja wa "ine ndine msodzi basi" ali pakhonde kuyang'ana mafunde, ana akuyang'ana iyeyo. Ine ndikuti Gygax akadakhalako mwezi wa July ku Makanjira, akadalola wansembe kugwirako lupanga.

Omvetsa chisoni ndi osewera Traveller ya mu 1977. Mmenemo munthu wako amayamba wadutsa kaye kuusilikali kapena ntchito ina, ndipo dayisi imatha kumupha masewera asanayambe n'komwe. Anzako akumanga katundu wa ulendo, iwe uli kalikiliki ndi maliro.