Mlandu wa Chisanu ndi Chimfine

Juni akangolowa, tauni yonse imasanduka bwalo la milandu, ndipo woimbidwa mlandu amakhala yemweyo chaka ndi chaka: chisanu. Munthu angoyetsemula kamodzi pa depoti, oweruza afika kale. Wina akuti wasamba madzi ozizira mbandakucha, wina akuti anagona mapazi ali pamtunda, ndipo wachitatu, amene sakumudziwa n'komwe, akulumbira kuti anamuona dzulo akuyenda m'chiperoni wopanda chipewa. Mwini mphuno safunsidwa.

Ambirife tinakulira kumbali ya oimba mlandu. Malamulo ake tinawaloweza tisanayambe sukulu: usatuluke tsitsi lili lonyowa, usaponde pasimenti wopanda nsapato, usamwe madzi a mufiliji dzuwa litalowa. Umboni wawo si wochepa ayi. Amati taonani mzere wa pachipatala mu Julayi, tamverani kutsokomola kwa m'tchalitchi, mpaka mlaliki kuima kaye kuti mpingo umalize. A ku Dedza amalankhula ngati eni nkhani, a ku Mzuzu amati a ku Dedza sanaone kanthu, pomwe a ku Thyolo ndi Mulanje amati kuzizira kouma ndi masewera, choopsa ndi kamvula kaja kowaza masiku atatu osaleka, kamene kamalowa mpaka m'mafupa.

Kumbali inayo kuli aja amene sanaiwale Biology ya Fomu 4. Iwo amati chimfine ndi vairasi, ndipo vairasi sabadwira mumphepo, umamutenga kwa mnzako: akayetsemula pafupi nawe, kapena ukagwira pamene wagwira kenako n'kudzitikita m'maso. Amawonjezera kuti mavairasi a chimfine alipo mitundu yoposa 200, n'chifukwa chake umachira lero n'kudwalanso mwezi wamawa. Kenako amaponya funso limene limatseka pakamwa: nanga ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene anthu amagona pakhonde chifukwa cha kutentha, chimfine chimafikako bwanji? Nanga asodzi amene amachezera panyanja mwera ukuwomba, bwanji sagonekedwa onse m'chipatala? Funso labwino. Chodabwitsa n'chakuti wofunsayo amakhala atavala majuzi awiri ndi jekete ya pakaunjika, khosi atalikulunga ndi sikafu. Ukamufunsa, amati iye sakuopa matenda, akungodana ndi kuzizira.

Azungu nawonso anakanganapo, ndipo anafika poyesa pa anthu. Ku Salisbury, ku England, kunali malo ofufuzira za chimfine amene anatsegulidwa mu 1946. Anthu ankadzipereka okha kukakhalako, ena n'kusambitsidwa, kuimikidwa pamalo opita mphepo ali chinyowere, kenako kuvekedwa masokosi onyowa. Amene anangozizidwa, osapatsidwa vairasi, sanadwale. A Biology akamva zimenezi amawomba m'manja. Koma asanakhale pansi, oimba mlandu aja amatulutsa kafukufuku wa ku Cardiff mu 2005, kumene mwa anthu 180, theka anaviika mapazi m'madzi ozizira kwa mphindi 20. Patapita masiku ochepa, pafupifupi 29 pa 100 alionse mwa oviikawo anayamba zizindikiro za chimfine, pomwe mwa osaviika anali 9 okha pa 100 alionse. Apa agogo onse a m'dziko muno akanamva, bwenzi atanena kuti tinkakuuzani.

Ofufuzawo anaganiza kuti kuzizira kumafinya timitsempha ta magazi ta m'mphuno, motero asilikali a m'thupi amachedwa kufika, ndipo vairasi amene anali kale m'menemo phee amapeza mpata. Mu 2015 a ku yunivesite ya Yale anapezanso kuti vairasi wa chimfine amaswana bwino m'mphuno mukazizirirapo kusiyana ndi pa madigiri 37 a m'kati mwa thupi. Anayesera pa maselo a mbewa, nyama imene ife m'miyezi yomweyi timaidziwa mwa njira ina. Ndiye tikati tigamule, wakuba ndi vairasi, chisanu ndi mlonda amene anagona pageti. Mlonda ali ndi mlandu wake, koma popanda wakuba sipasowa kanthu.

Covid itabwera tinkayesa kuti mkangano utha, koma inangogawira mbali zonse zida. Ena amakumbutsa kuti matenda anakula mu Julayi 2021, chisanu chili pachimake. Ena amayankha kuti nanga mu Januwale chaka chomwecho, mvula ikugwa, thukuta lili kamukamu, tinkaika maliro a chiyani? Aliyense amasankha mwezi umene ukumukomera, winawo n'kuuiwala.

Pamene nkhaniyi imakoma kwenikweni ndi mu minibasi ya m'mawa. Anthu anayi pampando wa anthu atatu, mawindo onse otseka mpaka achita nthunzi, kumbuyo bambo wina akutsokomola chifuwa chochokera pansi pamtima. Mtsikana wina akangoti atseguleko pang'ono, basi yonse imamuukira: "Achemwali, tsekani windo, mutidwalitsa!" Amatseka mwamanyazi, ndipo tonse timapuma mpweya wa bambo aja kuchokera ku Chirimba mpaka ku Limbe, mitima ili m'malo kuti tapulumuka. Lachitatu lake tikayamba kumina, timati ndi kamphepo kaja kanalowa mtsikana uja atatsegula. Bambo aja palibe amawakumbukira. Kunyumba n'chimodzimodzi: ana asanu bulangete limodzi, zitseko zotseka, nsanza yotsekera pansi pa chitseko. Chisanu chimatiunjika pamodzi, zotsalazo timamalizitsa tokha.

Palinso a mankhwala, ndipo awa sagwirizana ngakhale pang'ono. Ena amati mandimu ndi jinja, ena amati popanda uchi mwangotaya mandimuwo, ena amafukiza masamba a bulugamu atafunda bulangete mpaka kutuluka ali wefuwefu. Izi zimafewetsa pakhosi ndi kutsegula mphuno, palibe akutsutsa, ngakhale vairasi amachoka pa nthawi yake, kawirikawiri pakatha sabata kapena kupitirirapo pang'ono. Ena amathamangira amoxicillin wa pagolosale, kumwa makapisozi anayi n'kusiya, osadziwa kuti mankhwala amenewo ndi a mabakiteriya, vairasi samugwira. Ndiye pali gulu lina lokhulupirika kwambiri limene limati kachasu ndiye juzi ya m'kati. Kumva kutentha amamvadi, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, koma kutenthako kumakhala kukuthawa m'thupi. N'chifukwa chake wogona m'ngalande usiku wa Julayi amakhala pangozi kuposa amene sanalawe.

Pali malo amene kuseka kumayamba kwatha. Mbaula yolowetsa m'chipinda chotseka yapha anthu ali m'tulo, chifukwa makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndiponso suoneka. M'mawa anthu amayamba kunong'ona zina, pomwe mbaula ili pompo yazima. Odwala mphumu akati mpweya wozizira umawabanikitsa, sakukokomeza. Khanda lobadwa masiku osakwana lingathe kufa ndi kuzizira kokhako, popanda vairasi aliyense, n'chifukwa chake anamwino amaumirira kuti mayi aliike pachifuwa, khungu kukhudza khungu, njira ija amati ya kangaroo. Chibayo nacho, chimene timati mwana wachitenga chifukwa anavula juzi, chimabwera ndi tizilombo, ndipo katemera woteteza ku mabakiteriya amene amachiyambitsa kwambiri anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu 2011. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, si nthawi yofufuza amene anasiya chitseko chotsegula. Ndipo munthu akamanjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo, ena amati chisanu chamulowa, pomwe kachipangizo koyezera magazi kakanati ndi malungo.

Za nyamakazi tisayambe n'komwe. Pali agogo amene mawondo awo amalosera chiperoni molondola kuposa wailesi, ndipo palibe mdzukulu amene angalimbe mtima kuwafunsa umboni.

Ogasiti akafika, majekete amabwerera m'sutikesi koma kuyetsemula kumapitirira. Pamenepo ena amati ndi fumbi, ena amalumbira kuti ndi maluwa a mango, ena amati ndi utsi wa tchire limene anyamata akutentha posaka mbewa. Pofika Okutobala, kutentha kuli ng'aning'ani, mudzamva mayi wina mu ofesi akukalipa kuti azimitse fani, yamupatsa chimfine.