Mbaula Yopanda Makala: Malangizo kwa Wofuna Kuphika ndi Laputopu

Makala adula, nkhuni zikusowa, gasi ndi wa ochepa. Komatu m'maofesi ndi m'nyumba zina moto ulipo kale, wangosowa woukoleza. Uli patebulo, wopyapyala ngati kope la mwana wasukulu, ndipo mwini wake amautcha laputopu. Osadziwa amati laputopu imatentha mwangozi. Si choncho. Kutenthetsa laputopu ndi luso, ndipo monga kuumba mphika kapena kufulula thobwa, kuli ndi ndondomeko yake.

Poyamba munthu agule monita. Watopa kuwerama pa kasikirini kakang'ono, khosi lauma, maso akuwawa, ndiye abwere ndi sikirini yaikulu ngati ya m'nyumba yoonetsera mpira. Alumikize waya. Zithunzi zitambasuka bwinobwino ndipo kwa mphindi ziwiri zitatu m'chipinda muli zii. Kenaka pamveka kamphepo chapansipansi, ngati munthu akuuzira moto wam'mawa. Asanalembe ngakhale liwu limodzi, fani ya laputopu yalira ngati chigayo. Anzake a pa msonkhano wa Zoom ayamba kufunsa ngati akuyankhulira pa bwalo la ndege la ku Chileka.

Apa munthu asachite mantha n'kuzula waya, chifukwa zinthu zikuyenda momwe ziyenera kuyendera. M'laputopu zambiri zamphamvu mumakhala ojambula zithunzi awiri. Wina ndi wamng'ono, amakhala m'kati mwa purosesa momwemo, ndipo amadya magetsi pang'ono ngati mkamwini wobwera kumene. Winayo ndi chimphona chopangidwa ndi NVIDIA kapena AMD, chimene akatswiri amachitcha GPU yapadera. Nthawi zambiri chimphonachi chimakhala m'tulo kuti batire lisathe msanga. Koma pa makina ambiri otere, mabowo olumikizira monita adawalunjikitsa kwa chimphonacho. Kulowetsa waya n'kugogoda pakhomo pake. Chikadzuka sichigonanso mpaka wayayo atazulidwa, ngakhale ntchito yake yonse ikhale kuyang'anira tsamba loyera la Word.

Wofuna mbaula yodalirika, yodziwika dziko lonse, afunefune MacBook Pro ya mainchi 16 imene kampani ya Apple idatulutsa mu Novembala 2019. Mtengo wake unkayambira pa madola 2,399 a ku America. M'kati mwake muli purosesa ya Intel, ndipo chimphona chake ndi AMD Radeon Pro 5300M kapena 5500M. Ogula sadachedwe kuona chodabwitsa. Akalumikiza monita chivindikiro cha laputopu chili chotsegula, Radeon inkalumphira pa mawati 18 kapena kuposerapo, kompyuta isakuchita kalikonse. Akatseka chivindikiro n'kusiya monita yokha, kwa ambiri mawatiwo ankatsikira cha m'ma 5.

Gwero la zimenezi n'lokoma kulimvetsa. Sikirini imajambula chithunzi mzere ndi mzere, kawirikawiri ka 60 pa sekondi, ndipo pakati pa chithunzi chimodzi ndi chinzake pamakhala kampata kopumira. Mu kampata kameneka ndi m'mene GPU imasinthira liwiro la memory yake kuti sikirini isaphethire. Tsono sikirini zikakhala ziwiri, iliyonse ikupuma pa nthawi yakeyake, kampata kogwirizana kamasowa. Posowa posinthira giya, memory imangothamanga ndi liwiro lonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zili ngati dalaivala wa minibasi wa pa depoti ya Limbe: galimoto ili chiimire, okwera sanadzaze, koma phazi lili pa mafuta, injini ikubangula kuti odutsa aganize kuti inyamuka pompano.

Mawati 18 amaoneka ochepa, mababu awiri okha a LED. Koma pafupifupi onse amasanduka kutentha, ndipo amasandukira m'bokosi lochindikala mamilimita 16, momwe purosesa ndi GPU zimagawana mapaipi amodzimodzi otulutsira kutentha. Poto amakhala atafunda kale ntchito isanayambe. Munthu akangotsegula vidiyo imodzi, mafani ake awiri athamanga kupitirira maulendo 5,000 pa mphindi. Chenjezo kwa wogula n'lakuti mu Juni 2020 Apple idawonjezera mtundu wodula kwambiri wokhala ndi Radeon Pro 5600M, ya memory ya mtundu wina yotchedwa HBM2, umene sunkalusa chotere ukaona monita. Umenewo ndi mbaula yonyenga, aupewe.

Moto ukayaka pamafunika nkhuni, ndipo nkhuni za GPU ndi timadontho topanga chithunzi, mapikiseli. Monita wamba ya 1080p ili ndi timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni. Ya 4K ili nato 8.3 miliyoni, kuchulukitsa kanayi, ndipo pa maulendo 60 pa sekondi ndiye kuti timadontho pafupifupi 500 miliyoni tikutumizidwa sekondi iliyonse. Wophika wakhama sakhutira pamenepo. Agule ya anyamata a magemu, ya maulendo 144, n'kumawerengerapo maimelo. Wa Mac ali ndi mwayi wina: akaona kuti zilembo zachepa pa 4K, asankhe kuti sikirini izioneka ngati ya 2560 kwa 1440. Kompyuta idzayamba yajambula chithunzi cha 5120 kwa 2880, timadontho 14.7 miliyoni, kenaka n'kuchifinya kuti chikwane pa monita. Ndi ntchito ya mayi wophika nsima ya anthu khumi ndi anayi pomwe odya alipo asanu ndi atatu, n'kumabwereza chaka chonse.

Amene laputopu yake ilibe chimphona asataye mtima. Kuli timabokosi tolumikizira masikirini angapo pa bowo limodzi la USB, togwiritsa luso la DisplayLink. Timeneti timapatsa purosesa ntchito yofinya chithunzi isanachitumize pa waya, ndiye nayo purosesa imatuluka thukuta. Akawonjezerapo masamba makumi anayi a Chrome, ena akusewera zotsatsa malonda kuseri, mbaula yakolera.

Malo ophikira nawo ndi nkhani yaikulu. Laputopu zambiri zimakoka mpweya pansi kapena m'mbali n'kuutulutsira kumbuyo, pafupi ndi pomwe chivindikiro chimapindikira. Choncho malo abwino kwambiri ndi pabedi, pa bulangete lija la ubweya wochindikala lomwe adalandira pa ukwati. Wogwirira ntchito patebulo akankhire laputopu kukhoma, aiyandikitse ku monita yomwe nayo ikutulutsa kutentha kwake, mbali inayo aunjike mafayilo. Za fumbi asade nkhawa, limabwera lokha. Kuseri kwa fani kuli timapepala tachitsulo tondandalikana ngati mano a chipeso, ndipo mpweya umadutsa pakati pake kuchotsa kutentha. Amene adaonapo mmisiri akutsegula laputopu ya zaka zitatu amadziwa chomwe chimatuluka pamenepo: kachinthu kotuwa, kopotana ngati thonje la m'matiresi akale, ka fumbi, tsitsi, ubweya wa mphaka ndi nyenyeswa za mabisiketi. Mmisiri amakanyamula ndi kopanira n'kukaonetsa mwini wake osanena kanthu. Fani inkazungulira mokhulupirika masiku onsewo, ikuuzira khoma.

Kuno kwathu nyengo nayo imathandiza mwaulere. Apple imanena kuti laputopu zake zizigwira ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 10 ndi 35, ndipo makampani ena ambiri amaikanso malire pa 35 pomwepo. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, Okutobala ndi Novembala amadumpha 40 osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Wokhala ku chigwa cha Shire m'nyumba ya malata safunika ngakhale bulangete. Wa ku Dedza kapena ku Mzuzu m'mwezi wa Juni ndiye amene ayenera kulimbikira, ngakhale kuti iye phindu lake n'looneka: zala sizizizidwa polemba.

Ena amakonda kuika mbaulayi pantchafu. Madokotala a khungu ali nalo dzina la zotsatira zake, erythema ab igne, mawanga ooneka ngati ukonde amene amadza khungu likamafunditsidwa nthawi yaitali. Agogo athu amawadziwa bwino, ndi mbala zija za m'miyendo ya wokonda kuotha moto. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo sankalipira madola 2,399.

Pofika madigiri pafupifupi 100, purosesa ya Intel imadziteteza yokha pochepetsa liwiro. Apa ndiye pachimake pa luso lonseli: kompyuta yodula kwambiri mu ofesi ikuyenda ngati ngolo ya abulu, ikulira ngati chigayo. Pa Mac, munthu akatsegula Activity Monitor apeza chinthu chotchedwa kernel_task chitadya purosesa yonse. Ambiri amayesa kachilombo n'kuyamba kufunafuna mochiphera. Apple idafotokoza kuti imodzi mwa ntchito za kernel_task n'kutsekereza mapulogalamu kuti asagwiritse purosesa ikatentha. Ndi mlonda amene wakhala pakhomo dala kuti anthu asalowe m'nyumba yofuka utsi, ndipo eni nyumba akumuimba mlandu woyatsa moto. Mu 2020 anthu ena adapeza kuti pa ma MacBook Pro ena a Intel, kulumikiza tchaja ndi monita ku mabowo a kumanzere kunkadzutsa mlondayu msanga, ndipo kusamutsira tchaja kumanja kunkamukhazika mtima pansi. Wophika weniweni aunjike mawaya onse kumanzere.

Mwambo umenewu uli ndi mbiri yake. Mu Julayi 2018, Dave Lee, wodziwika pa YouTube poyesa makompyuta, adaonetsa kuti MacBook Pro yatsopano ya purosesa ya Core i9 inkatentha mpaka kulephera kusunga liwiro lomwe idalembedwa. Adaiika mufiriji, kozizira kwenikweni kuja kosungirako nyama, ndipo m'menemo idamaliza ntchito yokonza vidiyo mwachangu kwambiri. Patangopita masiku ochepa Apple idapepesa n'kutulutsa pulogalamu yokonza cholakwikacho. Wina angaone ngati firiji ndiye mankhwala. Asayese: laputopu ikatuluka m'menemo imachita mame m'kati, ndipo magetsi akathima imasungunukira limodzi ndi chambo.

Mbaula ili ndi adani ake, ndipo wophika awadziwe kuti asawalowetse m'nyumba. Mdani wamkulu ndi wotchipa mochititsa manyazi: kukweza kumbuyo kwa laputopu ndi kabuku kapena zotsekera mabotolo ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Wina ndi mmisiri uja wochotsa fumbi, makamaka akafika posintha phala lotuwa lomwe limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha, lomwe limauma pakapita zaka. Kutsitsa monita kuchoka pa 144 kubwerera pa 60 kumazimitsa nkhuni zambiri nthawi imodzi. Pa Windows, kuika malire a mphamvu ya purosesa pa 99 peresenti m'malo mwa 100 kumaletsa Turbo Boost, liwiro lowonjezera la purosesa, pa makina ambiri, ndipo chigayo chimatonthola ngati chathimitsidwa ndi mwini wake. Pa Mac, kuyambira pa macOS Monterey ya 2021, kuli Low Power Mode, imene anthu ambiri a MacBook ya 2019 ija adaiyamikira. Kutseka chivindikiro kumathandiza pa makina amenewo, koma si lamulo la laputopu zonse, chifukwa zina zimakokera mpweya pakati pa mabatani ndipo kuzitseka n'kuzigwira pakamwa.

Chimodzi chokha sichoseketsa. Batire la lithium limakalamba msanga ndi kutentha, ndipo nthawi zina limafufuma. Munthu akaona kuti pogwira ndi chala, pansi pa mabatani, patukuka, chivindikiro sichikutsekeka bwino, kapena laputopu ikugwedera patebulo losalala, azule tchaja tsiku lomwelo n'kupita nayo kwa mmisiri. Batire lotere limatha kuyaka moto weniweni, wosafuna nthabwala.

Kunena chilungamo, mwini laputopu amangomalizitsa ntchito yomwe adaiyamba ena. Bulangete ndi fumbi n'zake, koma si iye amene adaganiza zopanikiza purosesa yolusa ndi chimphona chake m'bokosi lopyapyala kuti lizioneka bwino pa chithunzi chotsatsira. Umboni wake udabwera mu Novembala 2020, pomwe Apple idatulutsa MacBook Air ya purosesa yakeyake, M1, yodya magetsi ochepa kotero kuti sadaikemo fani n'komwe. Imeneyo siilira, ngakhale kuti payokha imalola monita imodzi basi. Mu Okutobala 2021 MacBook Pro ya mainchi 16 ya Intel idasiya kugulitsidwa yatsopano.

Makina amenewo sadafe. Akuzungulira m'manja mwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito, pamtengo wokopa, akunyezimira ngati atsopano, limodzi ndi abale awo a Windows opangidwira magemu. M'sitolo amawayatsa opanda monita, ndipo amakhala phee ngati mkwatibwi. Wogula anyamule waya wake, apemphe wogulitsa alumikize sikirini yachiwiri chivindikiro chili chotsegula, ayatse vidiyo imodzi, aike dzanja pamwamba pa mabatani, ndipo ndalama zikhale m'thumba mpaka patatha mphindi khumi.