Chipewa Pansi kwa Anyamata a Misozi a ku Paris

Ku France kale sewero linali ndi malamulo ngati khoti. Nkhani yonse ichitikire malo amodzi, ithe tsiku limodzi, ndipo mfumu ya m'seweromo isatchule zinthu wamba. Mu 1829, Alfred de Vigny atamasulira Othello wa Shakespeare, akuluakulu ena adadzuma m'holo atamva kansalu kominira kakutchulidwa poyera. Zoti mwamuna aphe mkazi wake adazilola, koma za mamina ayi.

Amene adatopa ndi malamulowa ndiwo adayambitsa chomwe Afalansa amachitcha Romantisme: mtima ulankhule, misozi igwe, malamulo a agogo akapume. Mbewu yake idachokera ku Germany ndi ku England. Madame de Staël atasindikiza buku loyamikira alembi a ku Germany mu 1810, apolisi a Napoleon adalanda mabuku 10,000 n'kuwaphwanya onse. Chimunthu chogonjetsa mayiko kunjenjemera ndi mayi wogwira cholembera! Bukulo lidatulukabe ku London mu 1813.

Za misozi tifunse Chateaubriand. Mu 1802 adatulutsa René, nkhani ya mnyamata wokhuta koma wongodandaula, woyenda yekhayekha atagwira tsaya. Anyamata adatengera, aliyense nkhope yakugwa ngati wangochoka pamaliro, chonsecho kwawo kuli bwinobwino. Mwini wake atakalamba adavomera kuti mwayi utabweranso sangalilembe.

Ojambula nawo sadatsalire. Théodore Géricault adafuna kujambula anthu a m'chombo cha Méduse, chomwe chidasweka mu 1816, pomwe mwa anthu pafupifupi 150 oyandama pamatabwa adapezeka amoyo 15 okha. Mkuluyu adameta mpala kuti achite manyazi kupita kocheza, kenaka n'kumabweretsa kunyumba manja ndi miyendo ya mitembo yochokera kuchipatala kuti aone bwino mtundu wa thupi lovunda. Chithunzicho chidaoneka mu 1819 ndipo lero chili ku Louvre. Amene ndimawamvera chisoni ndi aneba.

Koma phwando lenileni lidali pa 25 February 1830, tsiku loyamba la Hernani, sewero la Victor Hugo, ku Comédie-Française. Hugo adadziwa kuti madala adzabwera kudzakuwiza, ndiye adasonkhanitsa gulu lake la alakatuli ndi ojambula, anyamata a tsitsi lofika m'mapewa. Ali pamzere panja, ena adayamba kuwaponyera zinyalala, ndipo akuti chitsinde cha kabichi chidamupeza mlembi Balzac. Adawalowetsa masana, n'kuwatsekera mumdima maola angapo. Anyamata sadzitaya: adatulutsa masoseji a adyo ndi vinyo, n'kuyamba nyimbo. Chomwa chikalowa chimafuna potulukira, tsono ngodya za holo zidaona zakuda. Madzulo mabwana ndi madona atalowa ndi zovala zawo zonunkhira, mphuno ndizo zidayamba kuonera sewero. Kenaka mzere uliwonse, kuno m'manja, uko likhweru. Pakati pa chipwirikiticho padali Théophile Gautier, wa zaka 18, atavala wesikoti yofiira psuu, kuti madala apsetu mtima chinsalu chisadatsegulidwe. M'mawa mwake Hugo adakwanitsa zaka 28.

Mnzake wa Gautier, Gérard de Nerval, akuti ankayenda ndi nkhanu yaikulu ya m'nyanja ya mchere m'minda ya Palais-Royal, ataimanga ndi kansalu kabuluu ngati galu. Omufunsa ankawayankha kuti nkhanu siuwa.

Chaka chomwecho cha Hernani, wosindikiza mabuku adamukhalira Hugo pakhosi: buku lomwe adalonjeza lichedwe, azilipira chindapusa sabata ndi sabata. Hugo adagula botolo la inki ndi chovala chachikulu choluka chofika kumapazi, n'kutsekera zovala zake zoyendera kuti asatuluke. Notre-Dame de Paris idatuluka mu 1831. Inu amene mwakhala zaka zisanu mukuti "buku langa likubwera," perekani kiyi wa sutikesi kwa mayi akunyumba.

Nanga woukira malamulo uja adathera kuti? Atakanidwa kangapo, mu 1841 Hugo adalowa Académie française, bwalo la madala omwewo, n'kupatsidwa mpando nambala 14.