Mlendo ndi Mame, Koma ku Zomba Mame Ena Adakhala Zaka 73

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawuwa ankauza mwini khomo kuti aphe nkhuku, ayale mphasa yatsopano, apirire mkonono wa mlendoyo, poti dzuwa likangotentha adzakhala atapita. Mlendo wa masiku ano mwambiwu wausandutsa ndondomeko ya ulendo. Amagwa ku Zomba Lachisanu usiku n'kukamuka Lamulungu masana, ndipo pakati pakepo amafuna kuona zonse zimene mzindawu wasonkhanitsa m'zaka zoposa 130.

Amachokera ku Blantyre pa msewu wa M3, kapena ku Lilongwe kudzera ku Balaka ndi Liwonde. Pa Facebook amakhala atalengeza kale kuti akukapumula kuphiri, koma galimoto yake siikwera ku hotela ya Ku Chawe ayi. Imakhotera ku Matawale, komwe kuli mlamu wake wa nyumba ya zipinda zitatu ndi ana anayi. "Alamu, musavutike, ife tangodutsa," amatero akutsitsa zikwama zisanu. Ana amasamukira pabalaza, ndipo tambala wosungira Khirisimasi amayamba kuyang'anidwa ndi diso loipa.

Zomba si mzinda woti munthu n'kuuphunzitsa za alendo. Mu 1891 Harry Johnston adaika likulu la boma la atsamunda m'tsinde mwa phirili, ndipo mame amenewo sadakamuke mpaka 1964. Zizindikiro zawo zili ponseponse. Nyumba ya Masongola, ya nsanja ziwiri zosongoka, adaimanga John Buchanan m'zaka za m'ma 1880 kuti muzikhala kazembe wa Britain, ndipo pambuyo pake idasanduka hotela. Chapafupi pali munda wa mitengo ndi maluwa womwe Alexander Whyte adayambitsa pofuna kuyesa mbewu zakunja, mtsinje wa Mulunguzi ukuchita mkokomo pambali. Pali Gymkhana Club ndi bwalo lake la gofu, pali nyumba yakale ya malamulo, ndipo polowa mumzinda kuchokera ku Blantyre pali nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles omwe adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Boma lathu nalonso lidatsanzika. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu adachita za mlendo wotsanzika kasanu ali pakhomo pomwepo: adapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Otsala mpaka lero ndi nyumba yosungira zolembedwa zakale ya National Archives, ofesi ya kalembera ya NSO, yunivesite yomwe aliyense amaitchulabe Chanco, imene idabwera mu 1973, ndi bungwe la mayeso la MANEB, lomwe lidachititsa ambiri kuopa dzina la Zomba asadauone n'komwe mzindawo.

Mbiri yonseyi mlendo wathu amaipatsa mphindi makumi anayi Loweruka m'mawa, galimoto isadazime. Amajambula Masongola kudzera pawindo, amafunsa ngati nyumba ya malamulo ija ndi tchalitchi, kenaka amayang'ana wotchi. Kuphiri kukudikira.

Msewu wokwera ndi wokhotakhota, ndipo wosauzolowera amagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nyimbo atazimitsa. Amakumana ndi abambo akutsika ndi njinga zosenza nkhuni zosanjikizidwa kuposa msinkhu wawo, thukuta lili kamukamu, mapazi akuthandizira mabuleki. M'makona muli anyamata onyamula timbale ta masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, aliyense akulumbira kuti zake wathyola m'mawa womwewo. Mlendo amene kwawo ku Area 47 ku Lilongwe sanenerera mtengo wa chilichonse apa amalimbana ndi mwana wa sukulu kwa mphindi khumi, n'kugula mbale zitatu pa mtengo woyamba uja.

Pamwamba, pomwe nsonga yaitali imapitirira mamita 2,000, pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse, mathithi a Williams, ndi Dzenje la Chingwe lomwe wolondolera alendo aliyense ali nalo ndi nkhani yakeyake. Palinso malo awiri otchedwa maina a alendo omwe adamvera mwambi uja mokhulupirika: Queen's View, pokumbukira mayi ake a Mfumukazi Elizabeth II omwe adafika mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia yemwe adafika mu 1965. Iwo adaima, adayang'ana, adapita, koma maina adatsala. Kukayera, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Mlendo wathu amafika tsiku la chiperoni, n'kujambula chifunga, n'kulemba pansi pake kuti Malawi ndi wokongola.

Madzulo imabwera nkhani ya vinyo. "Alamu, vinyo wa konkuno ndi uti?" Mlamu wa ku Matawale amakanda mutu. Vinyo wambiri wa m'masitolo ndi m'mahotela ndi wochokera ku South Africa, ndipo wodziwika wa kuno kwathu ndi wa zipatso, monga wa Linga, wopangidwa ndi jambula, chidede, magwafa kapena mabulosi. Amapangidwa ku Lilongwe. Ndiye kuti munthu wayenda makilomita pafupifupi 300 kudzafunafuna botolo limene adalisiya pafupi ndi kwawo.

Chakudya chokha ndicho sichikhumudwitsa, malinga mlendo alole kutsika m'galimoto n'kulowa mumsika waukulu wa Zomba. Muli mpunga wa m'madambo a Likangala ndi Domasi woyezedwa ndi mbale, nandolo wamuwisi, mbatatesi za kuphiri, milamba yowamba yonunkhira utsi, ndi milu ya matemba ouma a ku Chilwa. Matembawo si owapeputsa. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphweranso kwambiri mu 2018. Ikatero, ndiwo za mumzinda wonse zimakwera mtengo. Mayi a pakhomo amawakazinga kaye, n'kuthira tomato ndi anyezi, pambali nkhwani wotendera, nsima ili nthunzi tolotolo. Mlendo yemwe masana adalumbira kuti adasiya nsima chifukwa cha mimba amamaliza mitanda itatu, n'kutsitsira ndi thobwa la mawere lozizira la m'botolo la Sobo. Za vinyo samazikumbukanso.

Lamulungu masana amakamukadi. Kubuti kwalowa thumba la mpunga, matemba okulunga m'nyuzipepala, ndi masitiroberi omwe akamafika ku Liwonde adzakhala atasanduka jamu. Theka la katunduyo walipira ndi mlamu, poti mlendo uja foni yake idakana kutumiza ndalama pamsika. Ana amabwerera kuzipinda kwawo, mayi amasuzumira m'thumba la ufa, bambo amawerenga mayunitsi a magetsi otsala.

Lolemba m'mawa foni imalira. Ndi msuweni wa ku Mzuzu. Waona zithunzi zija, zamusangalatsa kwambiri, ndipo akubwera Lachisanu ndi akazi ake, ana atatu ndi apongozi. Akuti angodutsa.