Ulemu kwa Tayala la Dazi

Anthu amakonda kutamanda tayala latsopano, lonunkhira sitolo, la mizere yakuya mamilimita 8, ngati kuti lachitapo kanthu. Lachita chiyani? Langotsika pa shelefu basi. Woyenera kumuombera m'manja ndi mkulu uja ali kumbuyo kwa minibasi, wadazi long'anima, amene wakhala akusenza matumba a mbatata, mabelo a kaunjika ndi anthu anayi pampando wa atatu, osadandaulapo ngakhale tsiku limodzi.

Taonani kupirira kwake. Opanga matayala, anthu amantha, anabisa timapiri ta rabala m'tingalande ta tayala lililonse, totalika mamilimita 1.6, ndipo m'mbali anaikamo zilembo TWI kapena kachizindikiro ka ngodya zitatu kolozera pamene tili. Akuti mizere ikaperepeseka mpaka kufanana ndi timapiri timeneti, tayalalo lipume ntchito. Mkulu wathu malire amenewo anawadutsa kalekale, timapirito anatidya, ndipo tsopano akuonetsa mawaya monyadira. Ku Britain akanamuzunza. Kumeneko amalowetsa kandalama ka 20p m'ngalande, ndipo mkombero wake ukaonekera amayamba kukayika. Tayala likapezeka pansi pa 1.6, mwini wake akhoza kulipa mpaka mapaundi 2,500 pa tayala limodzi lokha. Ku South Africa ali ndi chifundo pang'ono, lamulo lawo limati milimita imodzi. Koma nawonso sadziwa kulemekeza akuluakulu.

Onyoza amati dazi n'loopsa. Kodi anthu amenewa sanaonerepo Formula 1? Galimoto zampikisano zothamanga kwambiri zimenezi zimayendera matayala osalala opanda mzere ndi umodzi womwe. N'zoona kuti awo ndi a rabala yofewa yomata msewu, pamene wathu ndi wouma gwa. N'zoonanso kuti kukangodontha mvula, madalaivala a kumeneko amathamangira kukavala matayala a mizere. Apa ndiye mkulu wathu amawaposa, chifukwa iye sathawa mvula. Ntchito ya tingalande ndi kukankhira madzi kumbali kuti rabala igunde phula, ndipo malo amene tayala limagundira msewu sapitirira kwenikweni kukula kwa chikhatho. Tingalande tikatha, madzi amasowa kothawira, amalowa pansi, galimoto n'kuyamba kuyandama. Chiwongolero chimapepuka, buleki imasanduka nthabwala. Ndi tayala liti lina lingakupatseni ulendo wa pa boti muli pa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mu Januwale, osawonjezera ndi tambala yomwe pa mtengo wa ulendo? Ndipo potsika mapiri a ku Chikwawa, ndani amatembenuza mitima msanga kuposa iyeyu? Ngakhale kondakitala amaiwala za chenji n'kuyambitsa pemphero.

Khalidwe lake limene ndimalisirira koposa ndi kusabisa mawu. Dazi la tayala ndi kaundula wa zochita za mwini galimoto. Likadyeka m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwinobwino, likuulula kuti bwanawo amayenda ndi mpweya wochepa. Likadyeka pakati pokha, anapopa mopitirira muyezo, mwina poganiza kuti akupulumutsa mafuta, pamene muyezo wake unalembedwa pa chomata cha pa chitseko cha dalaivala chimene sanachiwerengepo. Likadyeka mbali imodzi, miyendo ya galimoto inapotoka pa dzenje lina ndipo ku alayimenti sanapiteko. Likatulutsa chotupa m'mbali, ndiye kuti ulusi wa m'kati unaduka, tsiku lililonse likhoza kuphulika. Makaniko angakunamizeni, wogulitsa galimoto angalumbire pali mayi ake, koma tayala limanena zonse poyera. Mwayi wake ngwakuti palibe amene amawerama kuti amve.

Zaka zake nazonso sabisa, kusiyana ndi ena a ife. M'mbali muli mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omalizira ndiwo tsiku lake lobadwa: 2314 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Makampani ngati Michelin amati likatha zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikadalipo, poti rabala imauma n'kuchita ming'alu. Nkhanza zotani! Zaka khumi n'zimene ambiri mwa akuluakuluwa amakhala akuyamba kumene moyo wachiwiri, atapuma ntchito kutsidya kwa nyanja n'kufika kuno ali mulu pa msika, olembedwa ndi choko kuti "pafupifupi latsopano".

Ndipo imfa samaidziwa. Ena akatopa amakakhala pa denga kupsinja malata, ena amadulidwa nsapato, ena amasanduka katungwe wa ana a sukulu ya mkaka. Odala kwambiri amakwezedwa udindo n'kukhala sipeya, kuti tsiku la tsoka, usiku, kutali ndi mudzi, adzatuluke m'buti ali phwa, opanda mpweya. Koma mfumu ya onse ndi uja amagwa m'manja mwa mmisiri wa mpeni wotentha, amene amamusemera mizere yatsopano mu karabala kotsala pamwamba pa mawaya, n'kumupaka polishi wakuda. M'mawa mwake amakhala ali pa mulu uja, patsogolo penipeni, ndipo mtengo wake wakwera.