Mlonda woweta fisi

Mu Julayi 2024, banki yaikulu ya ku Singapore, Monetary Authority of Singapore, idalonjeza ndalama zofika madola 100 miliyoni a dzikolo zothandiza mabanki pa makompyuta a quantum ndi AI. Koma mu Febuluwale chaka chomwecho, banki yomweyi idachenjeza kuti makompyuta a quantum akadzakhwima angadzathyole maloko achinsinsi otetezera ndalama za anthu. Apa mlonda akuweta mwana wa fisi, ati amudziwe bwino mano asadamere. Nanga atani? Akapanda kumuweta iye, amuweta akuba.

Akatswiri amati m'makinawa kanthu kamatha kukhala 0 ndi 1 nthawi imodzi. Zimenezo ife sitidabwa nazo, abale. Malipiro akalowa pa 28, pofika pa 29 amakhala alipo koma palibe.